Malo a Nellie pa Njinga ya Ababa

Nellie anali kamtsikana kakang'ono. Anali ndi tinsapato tofiira. Analinso ndi kamtima kapachala. Nellie ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna malo ake pa njinga ya bambo ake.

Kale Nellie ankakhala ku Chileka. Bambo ake, a Stanford, ankagwira ntchito pabwalo la ndege. Ankanyamula katundu wa apaulendo. Kuntchito kunali pafupi ndi kunyumba. Madzulo belu la njinga linkalira. Ngiri ngiri! Nellie ankathamangira kumsewu. Bambo ankamukweza pakaliyala, kumbuyo kwa njinga. Malo amenewo anali a Nellie. Anali a Nellie yekha.

Chaka china banja linasamuka. Amayi ankafuna munda. Choncho anapita kwawo kwa amayi, kumudzi wina kufupi ndi Lirangwe. Lole inanyamula mipando, mphasa ndi Nellie yemwe.

Bambo sanasiye ntchito ku Chileka. Tsopano ankapalasa njinga mtunda wautali. Ankanyamuka mbandakucha. Ankabwera dzuwa litapendeka, miyendo ili mbuu ndi fumbi.

Kumudzi zinthu zinali zina. Madzi sankatuluka pampopi. Ankawatunga pachitsime. Mbuzi zinkalowa m'nyumba osaodira. Zonsezi Nellie akanapirira. Koma za Prisca, ayi ndithu.

Prisca anali mwana wa amayi aang'ono a Nellie. Nyumba yawo inali pafupi. Prisca analibe nsapato. Koma pa liwiro panalibe womuposa.

Kumapeto kwa mudzi kunali mtengo wa bwemba. Bambo akafika pamtengowo ankaliza belu. Ngiri ngiri!

Nellie anathamanga. Prisca anathamanganso. Prisca ndiye anafika poyamba.

"Ababa abwera, ababa abwera," anaimba Prisca.

Bambo anamwetulira. Anamukweza Prisca pakaliyala. Prisca anawanong'oneza mawu kukhutu. Bambo anapukusa mutu.

"Lero ayi, mwanangu," anatero bambo.

Nellie anafika akupuma wefuwefu. Bambo anamusisita kumutu. Koma malo aja anali atapita. Ndipo mawu aja anawamva bwinobwino. Mwanangu? Mwana wawo si Nellie kodi?

Nellie anachita nsanje. Anayenda pambuyo pa njinga, milomo ili chuu.

Mawa lake belu linaliranso. Nellie anathamanga kwambiri. Prisca anafikabe poyamba. Anakwera. Ananong'oneza.

"Lero ayi, mwanangu," anatero bambo.

Nsanje ya Nellie inakula. Kodi Prisca akupempha chiyani? Masiwiti? Mabanzi? Nanga bwanji amanong'ona?

Nellie anapita kwa amayi. Anawapeza akusankha nandolo m'lichero.

"Amayi, Prisca akumati ababa ndi ababa ake."

"Sakunama," anayankha amayi. "Mayi ake ndi mng'ono wanga. Kuno kwathu mwana wa mng'ono wanga ndi mwana wanga. Ababa akowo ndi ababa akenso."

"Ine sindikufuna. Alibe ake iyeyo?"

"Ali nawo. Koma ali kutali."

Nellie sanafunse kuti kutaliko ndi kuti. Nsanje inali itamutseka makutu.

Tsiku lotsatira Prisca anabwera ndi mpira wamapepala.

"Tiye tikasewere," anatero Prisca.

"Pita wekha," anayankha Nellie.

Prisca anabweranso ndi bwemba m'manja.

"Ina iyi ndi yako."

"Ndi yowawasa. Idya wekha."

Komatu Nellie ankaikonda bwemba. Malovu anadzaza m'kamwa. Anangowameza.

Kenako Nellie anaganiza nzeru. Anaiona ngati nzeru yaikulu kwambiri.

"Pa liwiro Prisca sindingamuthe," anadziuza. "Koma ndikanyamuka msanga, ndikumana ndi ababa kutsogolo. Ndikwera ndekha. Prisca adzangoona fumbi."

Dzuwa litayamba kupendeka, Nellie anavala tinsapato take. Sanauze amayi. Sanauze Prisca. Anazemba kuseri kwa nkhokwe. Anafika pamtengo wa bwemba. Anapitirira.

Patsogolo pang'ono njira inagawikana. Kumanja kunali msewu waukulu wa ngolo. Kumanzere kunali kanjira kakang'ono kolowa m'minda.

Nellie anayang'ana kanjirako. Anakanyoza.

"Njinga yabwino ya ababa singadutse umu," anatero. "Njinga zimayenda mumsewu."

Ku Chileka zinali choncho. Koma kuno sikunali ku Chileka. Msewu wa ngolo unali wamchenga wokhawokha. Mchenga umagwira matayala. Apanjinga onse ankadzera m'kanjira kaja, chifukwa kanali kolimba. Mwana aliyense wa m'mudzimo ankadziwa zimenezi. Nellie yekha ndiye sankadziwa.

Nellie analowa mumsewu wa ngolo. Anayenda. Mchenga unalowa m'nsapato. Anaukhuthula. Anayendanso. Mchenga unalowanso. Anayendabe, mpaka mudzi unabisika.

Anaima n'kudikira. Njinga sinabwere. Anakhala pansi n'kudikira. Njinga sinabwere.

Kenako anamva belu. Ngiri ngiri! Linalira kutali, kumbuyo kwake, cha kumudzi. Bambo anali atadutsa kale njira ina.

Mtima wa Nellie unawawa. Pakali pano Prisca akuthamanga. Pakali pano Prisca akukwera. Pakali pano Prisca akunong'ona.

Nellie anadzambatuka. Anathamanga mumchenga muja. Anapunthwa pamuzu n'kugwa. Bondo linasupuka. Magazi anatuluka pang'ono.

Nellie analira. Analira chifukwa cha bondo. Analira chifukwa cha nsanje. Dzuwa linafiira, ndipo anayamba kuchita mantha.

"Ababa sandifunafuna," anatero akusisima. "Ali ndi Prisca wawo."

Patapita kanthawi anamva phokoso. Tswa, tswa, tswa. Anatukula mutu. Kutsogolo kunali Prisca, maso ali pansi. Pambuyo pake panali bambo. Sankapalasa. Ankakankha njinga mumchenga, thukuta lili kamukamu.

"Uyo apo, ababa," anatero Prisca. "Ndinakuuzani. Mapazi a tinsapato ndi akewa. M'mudzi muno mwana wovala nsapato ndi yekhayu."

Bambo anagoneka njinga pansi. Anamunyamula Nellie. Anapukuta bondo lija ndi mpango wawo.

"Wandiopsa, Nellie," anatero bambo. "Ndafika pakhomo, iwe palibe. Madzi akumwa sindinalawe n'komwe."

Nellie anabisa nkhope.

"Mukanangokhala ndi Prisca wanuyo. Mumakonda iyeyo. Amakhala pamalo panga. Mumanong'onezana."

Bambo anakhala pansi, mumchenga momwemo. Anamuika Nellie pamwendo.

"Tamvera, mwanangu. Ku Chileka ndi kutali. Anzanga ena amagona konko mpaka Loweruka. Ine ndimapalasa tsiku ndi tsiku. Miyendo imandiphwanya. Ukudziwa chifukwa chake?"

Nellie anapukusa mutu.

"Ndimafuna kuona nkhope yako usanagone."

Nellie anasiya kulira. Mtima unayamba kuzizira. Koma kafunso kamodzi kanatsala.

"Nanga zonong'ona zija?"

Bambo anayang'ana Prisca.

"Umuuza wekha, kapena ndimuuze ine?"

Prisca anajambula mumchenga ndi chala cha kuphazi. Anayankhula motsitsa mawu.

"Ababa anga anapita ku Joni, kumigodi. Anakwera ndege ku Chileka. Ine ndinali wamng'ono. Ndiye ndimafunsa ngati atsika lero."

"Basi?" anafunsa Nellie.

"Basi. Ababa awa amaona onse otsika ndege. Ndiye ndimathamanga kuti ndimve msanga."

Nellie anayang'ana Prisca. Si masiwiti. Si mabanzi. Tsiku lililonse Prisca ankathamangira funso lomwelo. Tsiku lililonse ankamva kuti lero ayi. Ndipo sanalirepo pamaso pa anthu.

Nellie anachita manyazi. Anachitanso chisoni.

"Tiyeni, kusanade," anatero bambo.

Bambo anakankha njinga. Atsikana anathandiza kumbuyo. Anakankha, anakankha, mpaka anafika pouma.

Prisca anaima pambali.

"Kwera iweyo," anatero. "Wavulala. Ine ndithamanga."

Bambo anamukweza Nellie pakaliyala. Malo aja anabwerera kwa mwini wake. Nellie anakhala bwinobwino. Kenako anacheuka. Prisca anali chiimire, manja kumbuyo.

Nellie anasendera kutsogolo. Anasenderanso, mpaka mphuno inagunda msana wa bambo.

"Malo alipo," anatero Nellie. "Kwera. Undigwire m'chiuno."

Prisca anakwera. Anamugwira m'chiuno.

"Ndakubwereka ababa," anatero Nellie. "Koma theka lokha. Mpaka ako abwere."

"Anga akabwera, nanenso ndidzakubwereka," anayankha Prisca.

Bambo anaseka mpaka njinga inagwedezeka.

"Kodi ine ndasanduka khasu lobwerekana?"

Atsikana anaseka. Bambo anapalasa pang'onopang'ono. Pamtengo wa bwemba anapeza amayi ndi amayi aang'ono akudikira. Amayi anamukalipira Nellie pang'ono. Kenako anamukumbatira kwambiri.

Mawa lake madzulo belu linalira. Prisca anadzambatuka. Koma sanathamange yekha. Anamugwira Nellie dzanja, chifukwa bondo linali likupwetekabe. Anafika onse pamodzi.

Prisca sananong'one. Nellie ndiye anayamba kufunsa.

"Ababa, ababa a Prisca atsika lero?"

"Lero ayi, ana anga," anatero bambo. "Koma mawa ndikayang'ananso."

"Mukayang'anitsitse," anatero Nellie.

"Ndikayang'anitsitsa. Kwerani nonse, tizipita kwathu."