Tenti ya Mipando Itatu

Kachala ankafuna kumva mkango ukubangula. Osati mkango weniweni, ayi. Mkango wake unali Agogo aamuna.

Dzina loti Kachala anamupatsa ndi Agogowo. Pofunsa funso, mtsikanayu ankaimika chala. Ndipo mafunso sankamuthera!

Pa tchuthi, Kachala ankakagona kwa agogo. Ankapita ndi mlongo wake wamng'ono, Kamimba. Agogo aakazi ankamanga tenti pabalaza. Ankatenga mipando inayi. Ankatenga bulangete lalikulu. Ankalipana ndi mapegi oyanikira zovala. Ana ankalowa m'kati. Agogo aamuna ankakwawa kunja.

"Huuu! Lero ndikudyani!"

Ana ankaseka mpaka misozi.

Koma Agogo aakazi anadwala. Kenako anamwalira. Mkango unaleka kubangula.

Tchuthi chinafikanso. Amayi anaperekeza ana mpaka pakhomo. Anamunong'oneza Kachala.

"Agogo ako sakudya. Akapanda kudya, akagona kuchipatala."

Kachala anachita mantha. Agogo aakazi nawonso anapita kuchipatala. Sanabwereko.

M'nyumba munali zii. Makatani anali otseka. Wotchi yapakhoma inali itaima. Patebulo panali buledi. Bulediyo anali atauma gwa!

"Mwaswera bwanji, Agogo?" anafunsa Kachala.

"Ndilipo," anayankha Agogo. Basi, mawu ake omwewo.

Kachala anaimika chala. "Timange tenti?"

"Mangani," anatero Agogo. Sanacheuke n'komwe.

Ana anakoka mipando. Umodzi. Iwiri. Itatu. Wachinayi unali pawindo. Unali mpando wa Agogo aakazi. Juzi yawo inali pomwepo.

Ana anafuna mapegi. Mapegi osaoneka.

Anamanga tenti ndi mipando itatu. Tenti inagwa. Anamanganso. Inagwanso. Anamanga kachitatu. Aaa, chimodzimodzi!

Kachala anayang'ana mpando wachinayi. Anaugwira. Anaukoka pang'ono, kwee!

"Siya!" anakuwa Agogo. "Mpando umenewo sausuntha!"

Kachala anauma thupi. Agogo anali asanamukalipirepo. Kamimba anayamba kulira.

"Ndikufuna kwathu," anatero Kamimba. "Kuno kulibe tenti. Kulibe mkango."

Kunja kunada. Mvula inayamba kugwa.

"Tonthola," anatero Kachala. "Tenti iima. Uona."

Anayala bulangete pamipando itatu. Iye anaima pangodya yachinayi. Anagwira bulangete. Anakweza manja m'mwamba.

"Ine ndine mpando," anatero. "Lowa."

Kamimba analowa. Anadzipinda ngati mphaka. Posakhalitsa anagona, mkonono uli pakamwa.

Manja a Kachala anayamba kuwawa. Sanasiye. Miyendo inayamba kunjenjemera. Sanasiye. Misozi inatsika m'masaya. Analibe dzanja lopukutira. Koma sanasiye.

Agogo anacheuka.

"Iwe, ukutani pamenepo?"

"Ndikugwira mbali ya Agogo aakazi."

"Mpaka liti?"

"Mpaka kuche. Ndikasiya, imugwera Kamimba."

Agogo anayang'ana tenti. Anayang'ana mwana. Anayang'ana mpando. Anayang'ananso mwana.

Kenako anadzuka pang'onopang'ono. Anapita pawindo. Anachotsa juzi. Anaifungatira pamtima. Ananyamula mpando ndi manja awo.

Gwede! Kathumba kanagwa pansi. Kanali pansi pa khushoni. M'kathumbamo munali mapegi.

"Ha! Agogo akowa!" anatero Agogo. "Ine kufunafuna mapegi nyumba yonse. Kani ankawakhalira!"

Agogo anaseka. Kuseka kuja kunasanduka kulira. Kachala anali asanaonepo Agogo akulira.

"Ndawasowa agogo ako, mwanawe," anatero Agogo. "Ndawasowa kwambiri."

"Nanenso ndawasowa," anatero Kachala. "Koma ndasowanso inu."

"Inetu ndili pompano."

"Ayi. Mkango palibe."

Agogo anapukuta misozi. Anaika mpando pangodya. Anapana bulangete ndi mapegi. Pegi apa, pegi apo. Tenti inaima nji!

"Tsitsa manja, mpando wanga," anatero Agogo. "Pepa, ndinakukalipira."

Kachala anatsitsa manja. Agogo anamufunditsa juzi ija. Inkanunkhira sopo wa Agogo aakazi.

Kamimba anadzuka n'kusuzumira kunja kwa tenti. "Ndili ndi njala," anatero. Mwana ameneyu ndi mimba yake!

Kachala anayesa kuimika chala. Chala chinali chotopa, koma chinaima.

"Agogo, kodi mkango umadya buledi wouma?"

Agogo anaganiza. "Umadya. Koma uyambe wamuviika mu tiyi."

Kachala anabweretsa makapu atatu. Agogo anawiritsa madzi. Onse anakhala pakhomo la tenti. Agogo anaviika buledi. Anadya chidutswa chimodzi. Kachala anawapatsa china. Anadya. Anawapatsanso china. Anadyanso.

"Mkango wakhuta?" anafunsa Kamimba.

"Sunakhute," anatero Agogo. "Watsala ndi malo a ana awiri."

Agogo anagwada pansi. Mawondo analira. Anakwawa kuzungulira tenti.

"Huu," anayesa. Mawu anatuluka ochepa. Anatsokomola. Anayesanso.

"Huuu! Lero ndikudyani!"

Ana anathawira m'tenti. Anakuwa. Anaseka mpaka misozi.

Usiku umenewo mkango sunagone pawokha. Unagona m'tenti, pakati pa adzukulu. Miyendo yokha ndiyo inatsalira kunja.