Gitala ya Ometa Tsitsi

Loweruka m'mawa, Manzere anakulunga gitala yake m'nsalu kuti akaibweze kumene anaigula. Dzinali anamupatsa ndi mchimwene wake, poti mtsikanayu ankalemba ndi kudya ndi dzanja lamanzere.

Gitalayo anaigula motchipa kwa bambo wina wometa tsitsi, ndi tindalama timene anasunga pochapira anthu zovala. Inali yosuluka, yomata tepi pakona, koma ankaipukuta ngati mwana. Akaweruka kusukulu ankadzitsekera kuchipinda n'kumatsatira maphunziro a pa foni. Ankaigwira monga amagwirira anthu onse, zala n'kuziika pomwe wauzidwa. Koma kulira kwake, abale inu! Ngati mphaka wapondedwa mchira.

"Bwanji osakafunsa amene anakugulitsawo?" mayi ake ankatero.

"Ndidziwa ndekha," ankayankha, poopa kusekedwa.

Zala zinatuluka matuza, nyimbo osatuluka. Mayi aja anafika potopa. "Kabweze chinthucho, ndalamazo tikagule nsapato za kusukulu."

Manzere atafika, anapeza ometawo ali pamutu pa kasitomala. Anapereka moni.

"Bambo, ndadzabweza gitala ija. Kaya ndi yowonongeka, kaya ine ndiye wouma mutu."

"Taimba ndimve."

Manzere anakhwacha kamodzi. Kasitomala uja anadumpha pampando.

"Iii, mwanawe, undidulitsa khutu!"

Ometawo anaseka mpaka misozi. Anatenga gitala ija, n'kuitembenuza, n'kuyamba kukhwacha ndi dzanja lamanzere. Nyimbo yokoma inadzaza kachipindako.

"Pepa, mwana wanga, ndinaiwala kukuuza. Ine ndine wamanzere, ndiye nsambozi ndinazimanga mozondoka. Nsambo yonenepayi imayenera kukhala pamwamba, koma mmene umagwirira iwemo imakhala pansi. Nanga osabwera kale bwanji? Dikira ndimalize mutuwu, ndikusinthire."

"Ayi, musasinthe," anatero Manzere.

Anailandira n'kuigwira monga anachitira iwo. Ometa anamuyalira zala zakumanja pa nsambo, chimodzichimodzi. Kenako dzanja lake lamanzere, lija anthu ankamukalipira nalo kuyambira ali wamng'ono, linatsika lokha. Gitala inalira bwinobwino. Manzere anakhwachanso. Kani vuto silinali mutu wake!

"Uzibwera Loweruka lililonse," anatero ometa, akunyamula sizasi.

Kunyumba anapeza mayi ake akutsuka mbale. Mayiwo anayang'ana gitala, n'kuyang'ana mapazi a mwana wawo.

"Nanga nsapato?"

"Zakalezi ndikasoketsa, amayi. Tangomvani kaye."

Mchimwene wake anatsekeratu makutu. Manzere anakhala pakhomo, anatembenuza gitala, n'kukhwacha pang'onopang'ono. Mnyamata uja anatsitsa manja. Mayi anaima, mbale ikudontha madzi.

"Tabwerezanso," anatero.