Bulangeti la Chigamba Chofiira

Pakhomo pa a Makwinja, kuseri kwa siteshoni ya sitima ku Balaka, panali pa mtendere. Bambo ankanyamula katundu wa apaulendo, mayi ankagulitsa zitumbuwa m'mawindo a sitima, ndipo ana awo, Blasius ndi kamlongo kake Sabina, sankagona osapemphera.

Kenako kunagwa kolera. Zakudya zophika zinaletsedwa pamsika, apaulendo anachepa, bambo ndi mayi onse anangokhala manja lende pakhonde. Akalaliki a boma malipiro awo ankabwera ngati kale. Koma ogulitsa matemba a ku Chilwa, aganyu a kwa Kalembo ndi onyamula katundu anaiona njala maso ndi maso.

Mwayi unagwera Blasius. Analembedwa ganyu kumsasa wa odwala, yotentha zovala ndi zofunda za omwalira.

"Mwanawe, chimene akuuza kuti utenthe, tentha," anatero bambo ake. "Usayang'ane kukongola kwake. Muli imfa mmenemo."

Sabata isanathe, Elliam wogulitsa zovala zakale pamsika anamuimitsa panjira.

"Ukutentha chuma anzako akuyenda usiwa? Mabwana akudya nyama, iwe akukupatsa chiyani? Uzindibweretsera kuno."

"Iyayi achimwene, ndikuopa."

"Mantha akowo awadyetsa mayi ako?"

Blasius anayamba ndi kuzembetsa shati imodzi. Kenako zitenje ziwiri. Mayi ake ataona shuga m'nyumba anafunsa kumene wachokera, iye n'kunama kuti amuwonjezera malipiro. Wakuba sakhuta. Tsiku lina anazembetsa bulangeti lochindikala, la chigamba chofiira pakona, limene anafera mayi wina wa kwa Nsamala m'mawa womwewo. Analipereka kwa Elliam likadali lonyowa.

Unali mwezi wa Juni, kukuzizira. Mawa lake madzulo Blasius atafika kunyumba anapeza bulangeti lili pachingwe, chigamba chija chikumuyang'ana.

"Ndalama unandipatsa zija ndagulira mlongo wako chofunda," anatero mayi ake akumwetulira. "A Elliam anditsitsira mtengo. Linali ndi kafungo, koma Sabina walichapa yekha."

Sabina anali pamphasa, akudya mbatata ndi manja omwewo.

Apa mpamene Blasius akanalankhula, mwanayo n'kuthamangira naye kuchipatala msanga. Koma anayang'ana bambo ake, naopa manyazi, nakhala chete. Ine tchimo limeneli limandiwawa kuposa kuba kuja.

Patapita masiku awiri Sabina anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Pofika masana maso anali atalowa. Blasius anamubereka kumsana kupita naye kumsasa kuja, makolo akuthamanga pambuyo, bulangeti lija atamufunditsa.

"Ababa, ndine," anatero akulira panjira. "Bulangetili ndinaliba kumsasa."

 Bambo ake anangoti, "Fulumira."

Sabina anamwalira dzuwa lisanalowe. Mkulu wa pamsasapo, wosadziwa kanthu, anakankhira bulangeti lija kwa Blasius ndi ndodo.

"Katenthe ili, mnyamata. Litheretu."

Analitentha, ataima pomwepo mpaka chigamba chofiira chinasanduka phulusa. Ntchito imene akanaigwira masiku atatu apitawo anaigwira tsopano, mlongo wake atapita.

Ana inu, njala ndi yowawa, koma siisandutsa kuba kukhala chilungamo. Chimene mwaba chimadziwa njira ya kwanu. Ndipo mukalakwa, ululani nthawi ikadalipo, chifukwa Blasius anaulula Sabina ali kale kumsana.