Warda Akufuna Kuona Kachulu

Warda ankakhala ku Chikanda, ku Zomba. Warda ankawasowa amayi ake.

Amayi anali ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa. Anapita kukadwazika agogo. Panapita masabata atatu.

Warda sankakhazikika. Ankalowa m'nyumba. Ankatuluka panja. Ankaima pamsewu. Ankasuzumira m'minibasi iliyonse. Amayi munalibe.

Bambo ake, a Mahmud, anali telala. Tsiku lina anaimitsa makina awo osokera. Anamuuza kuti pamwamba pa phiri la Zomba, nyanja ya Chilwa imaoneka.

"Ndi Kachulu yemwe, ababa?" anafunsa Warda.

"Ndi Kachulu yemwe," anayankha ababa.

Loweruka m'mawa ananyamuka. Ababa ananyamula madzi ndi mbatata yophika. Warda anali patsogolo.

Njira inali yachitunda. Anakwera. Anakweranso. Anakumana ndi azimayi atasenza nkhuni. Analowa m'nkhalango ya paini.

"Tafika, ababa?"

"Sitinafike."

Warda anayamba kuthamanga. Masamba a paini anali oterera. Warda anagwa. Bondo linasupuka.

Ababa anatsuka bondolo ndi madzi. Anamufunsa ngati akufuna kubwerera. Warda anapukusa mutu. Bondo linkawawa, koma anaimirira.

Anakwera. Anakweranso. Miyendo inalemera. Madzi anatsala pang'ono. Ababa nawo anatopa. Ankapumira m'mwamba. Warda anawagwira dzanja n'kumawakoka.

"Tafika, ababa?"

"Tsopano tafika."

Warda anayang'ana kumanja. Kunali nkhungu. Anayang'ana kumanzere. Kunali nkhungu. Kunalibe nyanja. Kunalibe Kachulu.

Warda anafuna kusendera kutsogolo. Ababa anamugwira paphewa. Anati kutsogoloko kuli phompho. Anati adikire pomwepo.

Misozi inalengeza m'maso mwa Warda. Kukwera kunali kovuta. Koma kudikira kunali kovuta kwambiri.

Warda anakhala pamwala. Anaimirira. Anazungulira mwalawo. Anakhalanso. Analuma mbatata kamodzi n'kuisiya.

Kunkazizira. Ababa anamufunditsa jekete lawo. Anati nkhungu ikapanda kuchoka msanga, atsika. Warda anagwira mwala ndi manja onse awiri.

Kenako mphepo inawomba. Inawombanso. Nkhungu inayamba kuyenda.

Pansi panaoneka madenga. Panaoneka msika. Panaoneka mzikiti. Magalimoto anali ang'onoang'ono ngati nyerere. Kutali kunaoneka phiri la Mulanje.

Warda anafufuza ndi maso. Anafufuzabe. Kenako anaona madzi akunyezimira.

"Nyanja ija, ababa!"

Ababa analoza ndi chala. Anamuonetsa chilumba pakati pa madzi. Anati Kachulu ali kumtunda, pafupi ndi chilumbacho.

Warda anatong'ola maso. Nyumba ya agogo sinaoneke. Kunali kutali kwambiri.

Ababa anatulutsa foni. Anaimbira amayi. Anamupatsa Warda foniyo.

"Amayi, ndili pamwamba pa phiri," anatero Warda. "Ndikuona kumene muli."

Amayi anaseka. Anati Warda adikire pang'ono kuti iwo atuluke panja.

"Nanenso phirilo ndikuliona, mwanangu," anatero amayi. "Ndakweza dzanja. Nawenso kweza."

Warda anakweza dzanja m'mwamba. Analigwedeza. Analigwedeza mpaka linatopa.

Amayi anati agogo akupezako bwino. Anati ayamba kudya phala. Amayiwo analonjeza kuti abwera kunyumba Lachitatu.

Warda anawerenga masiku ndi zala. Zala zinali zinayi basi. Anawaonetsa ababa. Kenako anamva njala. Anadya mbatata yake yonse. Anadyakonso ya ababa.

Potsika, bondo linayambanso kuwawa. Ababa ananjuta. Warda anakwera kumsana kwawo. Anatsamiritsa mutu paphewa pawo.

Ababa ankayenda pang'onopang'ono. Asanatuluke m'nkhalango, Warda anali atagona.