Tsiku la Zana, Bulawuza Inadzuka Yokha

Darae analowa m'kashopu ka makompyuta ku Yongsan atakumbatira laputopu ngati mwana wodwala. Ntchito yake inali yophunzitsa Chikoreya pa intaneti, ndipo m'mawa umenewo bulawuza inamuumira katatu wophunzira ali pakati pa chiganizo. Nkhope ya wophunzirayo inkangoima gwa, kukamwa kuli yasa.

Wokonza makompyuta m'shopumo anali Gitae, wamtali, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa munthu. Anatsegula kanema wopanda mawu, kanemayo n'kuyenda bwinobwino. Atatsegula wokhala ndi mawu, zonse zinauma.

"Aphunzitsi, bulawuza yanu mukuinamizira," anatero akumwetulira. "Wolakwa ndi wina."

Anamufotokozera kuti m'kompyutamo muli kapulogalamu kogawa mawu, kamene kamalandira olowa pa maikolofoni n'kutumiza otuluka pa sipika. Kakakomoka iko, bulawuza imaima pakhomo pake kudikira yankho losabwera. Anakazimitsa, n'kukadzutsanso, ndipo nkhope ya pa sikirini inayambanso kuphethira.

Darae anawomba m'manja. Koma Gitae anamupempha kuti asiye laputopuyo kwa ola limodzi, aikonze zoti vutolo lisadzabwererenso. Mtsikana wa anthu anapita kukadya manudozi pafupi pompo, mtima uli mbee. Ola limenelo n'lopsetsa mtima kuliganizira mpaka lero.

Tsiku lotsatira uthenga unalowa: "Wodwala wathu wadzuka bwanji?"

Mauthenga anabala khofi, khofi anabala maulendo a m'mbali mwa mtsinje wa Han. Pasanathe mwezi "Aphunzitsi" anali atatha, ndipo Darae ankamuitana Gitae kuti Oppa, monga atsikana aitanira mwamuna wowaposa zaka amene amukonda.

Ndiye munthuyo ankadziwa kukonda kwake! Masana ena Darae anauza mphaka wake, Dubu, kuti akulakalaka manachesi a ku Jeju. Anali yekha m'chipinda, laputopu ili yotsegula patebulo monga mwa masiku onse. Dzuwa lisanapendeke, pakhomo panali kabokosi ka manachesi ndi kapepala: "Kwa Kanachesi kanga."

Tsiku lina mayi a Darae anaimba kuchokera ku Mokpo kuti bambo ake akawachita opaleshoni. Darae analira, osauza munthu aliyense. Misozi isanaume foni inawala: "Mtima wangondilemera mwadzidzidzi. Uli bwino, Kanachesi kanga?"

Ndi mtsikana uti akanapirira zotere? Atamufunsa kuti amadziwa bwanji, Gitae anamugwira dzanja n'kulonjeza.

"Sudzavutika kundiuza kanthu. Ine ndizimva ngakhale zimene sunandiuze."

Munthu mmodzi yekha ndi amene sanakomedwe nazo. Suran, mnzake wamkulu wa ku yunivesite amene ankayang'anira makompyuta pa kampani ina, anamvetsera nkhani ya manachesi akutafuna pang'onopang'ono.

"Iwe, ngakhale woombeza amayamba wafunsa tsiku lako lobadwa. Wakoyu amaombezera chiyani?"

"Eonni, mkulu wanga, nsanje imeneyo. Wanu uja sadziwa n'komwe kuti munameta."

Anaseka onse, koma kuseka kwa Suran sikunafike m'maso. Anangoti chikomekome cha mkuyu, mawu otsalawo n'kuwameza ndi tiyi.

Darae ankawerenga masiku pa foni monga achitira onse okondana. Pa tsiku la zana anagwirizana zodzavekana mphete zofanana, ndipo akatero adzapita naye ku Mokpo kukamuonetsa kwa makolo. Mayi ake anali atayamba kale kufunsa kuti mkamwiniyo amakonda nsomba yanji.

Pa tsiku la 97, Gitae, amene anatumikirapo usilikali, anaitanidwa ku maphunziro a masiku atatu a asilikali opuma, kumene mafoni amasungitsa pachipata. Inali nyengo ya mvula yamabingu, choncho ananena kuti wazimitsa chilichonse kunyumba kwake. Uthenga wake womaliza unati: "Masiku atatu okha. Ndikubwera ndi mphete yako, usandiiwale."

M'mawa wotsatira, wophunzira woyamba atangoti moni, bulawuza inauma.

Darae anaizimitsa n'kuyatsanso. Inauma. Anachotsa zomvera za m'makutu, anafufuta zakale zonse m'bulawuzamo, anayesa bulawuza ina, koma zonse zinkafera malo amodzimodzi, pamene mawu akuti ayambe. Makalasi atatu anapita padera. Foni ya Gitae inkangolira kutali m'bokosi la asilikali.

Suran anabwera pa nthawi ya nkhomaliro, ambulera ikudontha. Anavula nsapato, anakhala pansi, n'kuyamba ndendende mmene anayambira Gitae: kanema wopanda mawu, kenako wokhala ndi mawu. Anazimitsa kapulogalamu kogawa mawu ndipo bulawuza inatsitsimuka. Atakadzutsa, inaumanso.

"Sikanakomoke ayi," anatero Suran. "Kali moyo. Kakudikira munthu."

"Kakudikira ndani?"

Suran anakokera laputopuyo pafupi. Anatsegula fayilo ya malamulo a kapulogalamuko n'kutsika nayo mzere ndi mzere. Atafika pansi penipeni chala chake chinaima.

Unali mzere umodzi wokha. Suran anaumasulira mosazungulira: chilichonse chimene maikolofoni yamva chizitumizidwa pa intaneti ku kompyuta ina. Masiku onsewa kompyuta inayo inali yoyaka, n'chifukwa chake zonse zinkayenda bwino. Tsopano yazimitsidwa, kapulogalamuko kakugogoda pakhomo lotseka, bulawuza nayo n'kuima pambuyo pake.

Kumapeto kwa mzerewo kunali dzina la kompyuta yolandirayo. Linali dzina la Gitae. Tsiku limene fayiloyo inasinthidwa linali lomwe lija Darae anapita kukadya manudozi.

Darae anayamba kukumbukira. Manachesi aja. Kulira kuja. Nyimbo zimene ankaimba akutsuka mbale, zimene ankadandaula kwa mphaka, maphunziro a anthu osalakwa a kumayiko ena. Kodi pa zonse zimene ankazitcha chikondi, chinalipo n'chimodzi chomwe chimene sichinadutse pa mzere umenewu?

Komabe mtima ndi wopusa. Anayamba kumuikira kumbuyo: mwina ankangoyesa maikolofoni tsiku lija n'kuiwala kufufuta, mwina sanamvetserepo n'kamodzi komwe, mwina manachesi anangochitika.

"Darae, mzere uwu suiwalika, umalembedwa," anatero Suran. Anaujambula ndi foni, nati ndi nkhani ya kupolisi, ndipo anatambasula dzanja kuti aufufute.

Darae anamugwira mkono. Anapempha kuti ausiye mpaka tsiku la zana. Sakanatha kutaya munthu chifukwa cha zilembo zimene iye sadziwa kuwerenga. Ankafuna kumva yekha. Suran anamubwereka laputopu yake yakale yophunzitsira.

"Chabwino. Koma ukaona yadzuka yokha, dziwa kuti wayatsa yake."

Masiku awiri amenewo Darae anakhala m'nyumba yake ngati mlendo. Laputopu ija inali patebulo, kanema atauma pa sikirini, kagudumu kodikira kali chiimire. Ankaidutsa monyang'ama.

Tsiku la zana linacha ndi mvula. Anali atagwirizana kale kuti Gitae adzafika faifi koloko. Darae anavala diresi imene anagulira tsikuli, anapesa tsitsi, n'kukhala pampando moyang'anana ndi laputopuyo. Foni anaiika pambali pake, osaikhudza.

Itangokwana thuu koloko, kagudumu kaja kananjenjemera. Kanema amene anauma masiku awiri anayamba kuyenda, nyimbo n'kudzaza chipinda. Palibe anakhudza batani. Dubu anadzidzimuka n'kuthawira pansi pa bedi.

Munthu wangofika kumene kuchokera ku usilikali, mwina nsapato asanavule, chinthu choyamba n'kuyatsa kompyuta. Ankathamangira chiyani?

Darae anatseka nyimboyo. M'chipindamo munangotsala phokoso la mvula. Anapemphera pemphero lachilendo, loti foni isalire. Gitae angobwera faifi koloko ndi mphete, akumwetulira, osadziwa kanthu. Akatero, iye akanakhulupirira za kuiwala zija mpaka kufa.

Anayang'ana kabowo kakang'ono ka maikolofoni, n'kulankhula motsitsa.

"Oppa, mzere uja ndauona. Ngati ukundimva, usabwere."

Anawerenga mumtima. Khumi. Makumi awiri. Atafika makumi anayi chiyembekezo chinayamba kumera, ndipo anatsala pang'ono kudziseka yekha kuti wayamba kulankhula ndi makina.

Foni inawala.

"Kanachesi kanga, si mmene ukuganizira. Ndinkangofuna kukudziwa bwino kuti ndikukonde bwino. Ndilole ndifotokoze."

Darae anauwerenga kawiri. Uthenga uliwonse wokoma umene anaulandira masiku zana unabwera chimodzimodzi, mwachangu chomwechi, ndipo iye ankaupsompsona. Analira kulira kwenikweni, kogwira pamimba. Kenako anakumbukira kuti kulirako kukumvedwanso, n'kudzitseka pakamwa ndi dzanja.

Anatsegula fayilo ija monga anamuonetsera Suran, anatsika mpaka pansi, n'kufufuta mzerewo chilembo ndi chilembo, dzina la Gitae pomalizira. Anadzutsanso kapulogalamu kogawa mawu. Bulawuza inayenda bwino kuposa kale.

Foni inali ikuwalabe, uthenga pamwamba pa uthenga. Sanatsegule. Analembera Suran kuti, "Eonni, bwerani ndi zithunzi zija, tipite kupolisi." Anaganiza zowauza mawa mayi ake ku Mokpo kuti nsomba ija asagule.

Dubu anatuluka pansi pa bedi akulira njala. Darae anagwada n'kumusisita, namuuza kuti adikire pang'ono. Atafika kukhitchini ndi pamene anazindikira kuti walankhula ndi mphakayo monong'ona, ngati kuti wina akumumvetserabe.