Mbale ya Mayi Ardis

Chaka chimene banja langa linatha, ndinasamukira m'katauni kena ku Minnesota, ku America, kukagwira ntchito pafakitale yopha nkhukundembo. Sindinkadziwako munthu ngakhale mmodzi. Ndinapeza kanyumba kumapeto kwa msewu, pafupi ndi mlatho. Za Mulungu musandifunse, ine ndi tchalitchi tinali tisanapatsanepo moni.

Januwale, mwezi wa chisanu choopsa kuno, anandizunza. Dzuwa linkalowa ndisanaweruke. Ndikafika kunyumba kunkangoti zii, firiji yokha ndiyo inkalira. Ndinasiya kuphika, kenako ndinasiya kudya.

Lachitatu lina usiku ndinavala jekete n'kuzimitsa magetsi. Ndinene mosabisa: ndinkapita kumlatho, ndipo sindinkafuna kubwerako.

Ndikuti ndigwire chitseko, ndinangomva go! go! go!

Ndinayatsa getsi la pakhonde n'kutsegula pang'ono. Panaima mayi achikulire, aafupi, atavala juzi yobiriwira. Opanda chipewa, opanda jekete, m'chisanu chotero! M'manja ananyamula mbale yovindikira ndi kansalu, nthunzi ili tolotolo.

"Ndiwe wabwera kumene uja?" anatero. "Ha, kuonda kumeneku! Kwanuko sadya?"

"Pepani mayi, ndimatuluka."

"Utuluka mawa. Landira, ikundiotcha."

Ndinalandira. Zala zawo zinandikhudza, zozizira ngati chitsulo cha pageti.

"Yesu wakuona, mwana wanga. Wakuona bwinobwino. Idya kaye. Mbaleyo ubweretse Lamulungu, ndipo isabwere yopanda kanthu."

Ndinatembenuka kuti ndiiike patebulo. Pocheuka, pakhonde palibe munthu. Chipale chofewa chinali chitagwa tsiku lonse, koma panjira panalibe phazi ngakhale limodzi. Ngakhale mkukuluzi wa tayala.

Ndinakhoma chitseko. Koma fungo, abale! Mbatata ndi nyama, zotentha. Ndinadya chiimirire, jekete ili m'thupi, ndikulira ngati mwana. Nditamaliza ndinakhala pansi n'kunena mokweza kuti, "Ngati mwandionadi, ndigwireni, ine ndatopa." Aka kanali koyamba kupemphera m'moyo wanga. Kumlatho sindinapite.

Pansi pa mbaleyo panali kapepala komata, monga amachitira amayi a kuno: Ardis Lindqvist, ndi dzina la tchalitchi chawo. Lamulungu ndinaphika chigumu, n'kuchiika m'mbalemo, ulendo. Ndinapeza amayi ali kukhitchini ya tchalitchi, akukonza khofi.

"Ndikufuna Mayi Ardis. Ndabweza mbale yawo."

Mayi wina wamtali anapukuta manja, n'kuitenga mbaleyo, n'kuyang'ana pansi pake. Ameneyu anali Corinne, mwana wawo wa Mayi Ardis.

"Mwaitenga kuti mbale iyi?"

Ndinafotokoza zonse, mpaka za juzi ija. Corinne anaika mbale ija patebulo.

"Amayi tinawaika m'manda mu Novembala," anatero. "Atavala juzi imeneyo. Mbale iyi ndinaikhomera ndekha m'kabati, makiyi ali m'chikwama mwangamu."

Kumbuyo kwanga manong'onong'o anayamba. Wina amati mwina pali amene anaibwereka kalekale. Wina amati, "Aa, inu, Ardis simukumudziwa? Mlendo afike m'tauni muno asanamudyetse, iye n'kugona tulo?"

Ine ndinachita mantha, ndinafuna kuthawa. Corinne anandigwira dzanja.

"Tandiuzani, achemwali. Amaoneka odwala? Amamva kupweteka?"

"Ayi. Amangondikalipira kuti ndaonda."

Anaseka, misozi ili chuchuchu. "Ndi iwowo. Ambuye Yesu, ndi iwowo!"

Belu litalira sanandisiye dzanja. Anandilowetsa m'tchalitchi n'kundikhazika pambali pake, pabenchi yachitatu. Nyimbo sindinkazidziwa, ndinkangoyasamula milomo, koma ndinamva kuti ndafika.

Ndinabatizidwa pa Isitala. Amene anagogoda usiku uja, mpaka lero sindikudziwa kuti ndinene kuti anali ndani. Abusa nditawafunsa anangopukusa mutu. Koma malo a pabenchi aja anali a Mayi Ardis, ndipo anakhala opanda munthu chiwaikire m'manda, palibe ankayerekeza kukhalapo. Pano ndimakhalapo ndine.