Masamba pa Chipewa cha Manus

Manus Madden, telala wa m'mudzi wa Aughrim, anachoka pa siwa ya mkulu Lorcan anthu atayamba kale kuodzera. Akanagona pomwepo, koma mkazi wake anali yekha ndi khanda, ndipo kachasu wa pamaliro anamunong'oneza kuti njira yachidule yodutsa m'dambo ilibe vuto.

Pakhomo namfedwa, mayi Gobnait, anamupatsa kaliwo woyera wadothi wosutira fodya, monga amachitira ndi aliyense wodzalira maliro. Kenaka anathyola kanthambi ka masamba obiriwira n'kumusomeka pachipewa. Anati malemu amuna awo sankadutsa m'dambomo opanda masamba, ndipo mizimu sinawakhudzepo.

Manus anaseka, koma sanakachotse.

Dambolo analidziwa ndi mwana yemwe. Manus asanabadwe, mfumu ndi mkamwini wake analimbirana mpando, ndipo mkangano wa m'banja mwawo unadzathera pano, m'minda ya anthu amene sanaonepo mfumu ndi maso. Mkamwini anapambana. Ogonja sanaikidwe m'manda, ndipo mpaka lero khasu limatukula nthiti.

Analowa m'kanjira kamiyala kodutsa pakati pa matope, akuimba mluzu. Posakhalitsa anazindikira kuti dambo lonse lati zii, akusokosa ndi iye yekha. Analeka.

"Ima!"

Kutsogolo kwake kunali munthu. Jekete lachisilikali, mfuti yaitali, ndipo pachipewa kachidutswa ka pepala loyera. Mvula inali itawaza usiku wonse. Pepalalo linali louma.

"Ndiwe wa mfumu iti iwe?"

Apo m'pamene Manus anakumbukira zimene madoda ankanena akakhuta mowa. Pa tsiku la nkhondo magulu onse awiri anavala zofanana, ndiye pofuna kuti asaphane okhaokha, asilikali a mfumu, mpongozi uja, anaika pepala loyera pachipewa. A mkamwini anaika masamba obiriwira.

Masamba... ali pamutu pake!

Mfuti inayamba kudzuka. Pang'onopang'ono.

Mutu wa Manus unathamanga. Ngati uyu ndi munthu, masamba amuphetsa. Ngati ndi mzimu, masamba omwewo ndiwo akumutchinjiriza. Nanga mfuti ya mzimu imapha? Sanafune kukhala woyamba kudziwa.

Anagwetsa chipewa ngati chapita ndi mphepo. Anawerama. Anazula kanthambi, n'kusomekapo kaliwo uja. Woyera mbee. Anavalanso.

Mfuti inatsika.

"Ndiwe wathu. Wakutuma ndi Lorcan eti?" Mawuwo ankamveka ngati akuchokera m'chitsime. "Anati akukamwa madzi, abweranso adzandilandire pa ulondawu. Miyendo yandiuma, mphwanga. Gwira. Usachoke pano mpaka atakulandira."

Chitsulo chozizira chinagwa m'manja mwa Manus. Mlonda uja anatembenuka n'kulowa m'dambo. Madzi sanachite phokoso. Bango silinagwedezeke.

Manus anati athawe. Mapazi anakana.

Anayesanso... Ngati amera mizu! Anafuna kutaya chitsulocho, zala sizinatambasuke. Anaitana dzina la mkazi wake, mawu osatuluka. Kuzizira kunakwera kuchokera m'mawondo, kufika m'chiuno, kufika pachifuwa.

Kutacha, anthu a maliro anabwera m'kanjira komweko atanyamula bokosi la Lorcan pamapewa. Anapeza Manus ali chiimire, milomo itada, atagwira mpope wa mfuti wodyeka ndi dzimbiri. Wina anaseka, ati telala walowa usilikali ndi kachasu wa eni ake. Koma amuna awiri atamukoka n'kulephera kumusuntha, kuseka kunatha. Njira inali yopapatiza, choncho onyamula anatsitsa bokosi pamapazi pake.

Zala za Manus zinatambasuka zokha. Chitsulo chinagwera pabokosi, iye n'kugwa chagada, akulira ngati mwana. Atapeza mawu anafotokoza zonse.

Mayi Gobnait anaphimba nkhope ndi mpango.

"Ameneyo ndi alamu anga a Fergal, akulu awo a malemuwa," anatero. "Anaphedwera pomwe unaima paja, tsiku la nkhondo lomwelo. Amuna anga anawasiya pa ulonda, anasomeka masamba pachipewa, n'kudutsa pakati pa adani kubwera kwathu. Ine ndinkayesa masambawo ndi mankhwala a mizimu."

Onyamula anawerama kuti apitirize ulendo wa kumanda.

Bokosi silinanyamuke. Anawonjezera amuna ena, anakoka ndi zingwe, koma linangokhala ngati mwala.

Lorcan anali atafika pa ulonda wake. Manda anamukumbira pomwepo.